Laisensi ya makolo athu ikatha: ku Road Traffic, kuchipatala ndi pa M1

aNaphiri (admin):
Moni nonse pagulu pano. Funso lomwe labwera kangapo sabata ino ndi la makolo athu amene adakali pa chiwongolero, a zaka 65, 70 kupita m'tsogolo. Laisensi ikatha amayambira pati? Nanga pali zaka zomwe boma limanena kuti basi mwakula, tulani pansi? Pano tili ndi aphunzitsi a galimoto, a zachipatala komanso amakaniko, tithandizeni mwatsatanetsatane. Zotsatsa malonda lero ayi chonde.

aMwale (aphunzitsi a galimoto):
Zikomo mayi. Ndiyambe ndi lachiwirilo. Ukalamba pawokha sulanditsa munthu laisensi. Zomwe zimabweza akuluakulu ambiri pa kauntala ndi maso komanso mapepala osagwirizana.

Laisensi ya khadi imakhala zaka 5 ndipo tsiku lothera linalembedwa pakhadi pomwepo. Musadikire kuti wa tirafiki ndiye akuwerengereni pa rodibuloko. Yambani kukonzekera kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri. Ambirife kuno ku Kasungu timapita ku Road Traffic ku Lilongwe, ndipo mwini laisensiyo ayenera kukaonekera, chifukwa chikhazikitsireni MalTIS yatsopano (kompyuta yosunga kaundula wa ku Road Traffic) mu 2015 zonse zimayendera chithunzi ndi zidindo za zala. Kutuma mdzukulu sikutheka.

Atenge laisensi yakaleyo, Traffic Register Card (khadi yosonyeza kuti munalembetsa mu kaundula wa ku Road Traffic), chiphaso cha unzika, ndi magalasi amene amavala poyendetsa. Kumeneko amadzaza fomu, amayezedwa maso, amatsimikiza zala pa makina, kenako amalandira invoisi yokalipira ku banki. Ndalama ndi yomwe yalembedwa pa invoisiyo basi, ndipo lisiti aisunge bwino. Khadi ikakhala kuti sinatuluke tsiku lomwelo amapatsidwa pepala logwiritsa ntchito podikira. Pepala limenelo lili ndi tsiku lake lothera, aliwerenge asanachoke pamalopo.

Langizo langa ndi lakuti tsiku limenelo mkuluyo asayendetse yekha. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, kuonjezapo mzere wa tsiku lonse, ndiye pobwerera dzuwa limakulowerani muli cha ku Mponela kapena Madisi mutatopa kale. Apite ndi munthu woyendetsa, kapena akagone kwa abale.

Mnyamata wa ku Santhe:
Aphunzitsi, nanga ngati tsiku lobadwa la pa chiphaso cha unzika likusiyana ndi la pa laisensi? Akuluakulu ambiri ankangoyerekeza chaka.

aMwale (aphunzitsi a galimoto):
Limenelo ndi vuto lenileni. Ena pa laisensi pali dzina la kusukulu, pa chiphaso dzina la kumudzi. Ikani makhadi onse atatu pa tebulo muli kunyumba, muwerenge chilembo ndi chilembo. Ngati cholakwika chili pa chiphaso cha unzika, zimenezo ndi za a NRB, amene amapereka ziphaso za unzika, yambirani ku ofesi yawo kuno pa boma musanawononge thiransipoti ya ku Lilongwe. Ngati chiphaso chili bwino koma laisensi ndiyo inalakwika, kanenereni pa kauntala poyambirira penipeni, musanalipire, kuti khadi yatsopano isatulukenso ndi cholakwika chomwecho.

aChisale:
Ndionjezereko za zala. Munthu amene walima zaka zambiri, kusoka fodya, kugwira simenti, mizere ya pa zala imafufutika, komanso khungu la munthu wamkulu limauma. Makina amavutika kuwerenga chala chouma. Adzole mafuta pang'ono m'manja usiku kwa masiku angapo ulendo usanafike. Pa tsikulo asapake Vaseline wambiri, amadetsa galasi la makina ndipo zimaipiraipira. Kupumira mpweya pa chala kapena kuchipukuta pamphumi kumakwanira. Chala achigoneke chonse, osati kansonga kokha, ndipo asakanikize kwambiri.

Komanso madobadoba. Akaona mkulu wa imvi wagwira envulopu amamuthamangira, ati tikudumphitsani mzere, za maso musadandaule tikonza. Musawapatse khadi kapena ndalama. Kuba kokha si kumene kukundidetsa nkhawa. Munthu amene walephera pa makina a maso nkudutsa mwa njira ina ndi yemweyo adzaomba mwana wa sukulu pa Chatoloma.

Sisita Nabanda (za maso):
aChisale mwalasa. Koma ndikufuna gulu limvetse chinthu chimodzi: kukhoza pa makina a ku Road Traffic sikutanthauza kuti maso ali bwino poyendetsa. Kuyeza kuja kumatenga mphindi zochepa, munthu ali phee, palibe nyali ya lole yomwe ikumuthobwa. Pamsewu ndi nkhani ina.

Matenda a maso amene amavutitsa oyendetsa achikulire ndi atatu makamaka. Woyamba ndi ng'ala. Imayamba pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri si kusaona masana ayi. Munthu amadandaula kuti nyali za magalimoto masiku ano zikuwala mopyola, zikumwazika, kapena kuti dzuwa la m'mawa likumutseka m'maso. Masana amawerenga chikwangwani bwinobwino, usiku munthu wa pa njinga samuona. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yosafika ola limodzi, munthu ali maso, amangochititsa dzanzi disolo. Ku Nkhoma amadziwika ndi ntchito imeneyi, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kulinso chipatala cha maso, ndipo poyambira ndi kuchipatala chathu cha boma konkuno. Palibe mankhwala odontheza kapena a zitsamba amene amasungunula ng'ala, ndipo zothira m'maso za m'midzi zawononga maso ambiri amene akanachira.

Wachiwiri ndi glaucoma, ndipo uyu ndi woopsa kwa dalaivala chifukwa sapweteka. Amadya maso kuyambira m'mbali. Munthu amaona bwino zomwe zili kutsogolo kwenikweni, ngati akusuzumira mu paipi, koma wa kabaza amene akutulukira kumanzere samuona mpaka atafika pa bampala. Zomwe zawonongeka sizibwerera, mankhwala amangoimitsa kuti zisapitirire. Ngati kumtundu kwanu alipo amene anachita khungu atakula, mukayezetse kuthinana kwa madzi a m'diso (pressure) ngakhale mukuona bwino.

Wachitatu ndi shuga, amene amawononga timitsempha ta kumbuyo kwa diso. Aliyense wa shuga ayezetse maso chaka ndi chaka.

Ndiye ndondomeko yabwino ndi iyi: kuchipatala kaye, Road Traffic pambuyo. Musaphatikize tsiku limodzi. Poyeza kumbuyo kwa diso timadontheza mankhwala okulitsa mwanadiso, ndipo kwa maola 4 mpaka 6 munthu amaona mbuu, dzuwa limamupweteka. Tsiku limenelo asayendetse, ndipo pa makina a laisensi angalephere popanda chifukwa.

Mnyamata wa ku Santhe:
Magalasi ogula pamsika aja a +2 sangathandize pa makinawo?

Sisita Nabanda (za maso):
Ayi achimwene. Amenewo ndi owerengera Baibulo ndi foni, zinthu za pafupi. Mukawavala nkuyang'ana kutali mumaona moipa kuposa opanda. Poyendetsa pamafunika magalasi oonera kutali, oyezedwa diso lililonse palokha. Akayezedwa ku Road Traffic atavala magalasi, ndiye kuti poyendetsanso azivala nthawi zonse. Asunge ena apadera m'galimoto, ngakhale akale, kuchitira kuti awa athyoka ali ku Jenda.

Achikasu aja amene anyamata amagulitsa m'ma depoti kuti ndi a usiku, asiyeni. Galasi lililonse la mtundu limachepetsa kuwala kolowa m'diso, pamene diso la munthu wa zaka 60 limalandira kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala komwe limalandira diso la wa zaka 20. Munthu amamva ngati zapepuka, koma woyenda pansi wovala zakuda amamuona mochedwa.

aMwale (aphunzitsi a galimoto):
Tiike manambala kuti zimveke. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kuchokera pomwe diso laona mpaka phazi kufika pa buleki, tinene sekondi imodzi ndi theka, mwadutsa kale mamita 33. Mabuleki abwino pa tala wouma amafuna ena 35 kapena kuposerapo. Zonse pamodzi pafupifupi mamita 70. Tsono nyali za dimu zimaonetsa bwino mamita 40 mpaka 50 okha. Ndiye kuti pa 80 usiku muli pa dimu, ngolo yopanda zowala mukaiona ndiye kuti mwaiomba kale. Munthu akachedwa ndi sekondi imodzi yokha chifukwa cha kutopa kapena ukalamba, onjezanipo mamita ena 22. Pa 50 zonsezi zimatsikira ku mamita 35.

Aliyense amadziwa mmene M1 imakhalira dzuwa likangolowa: njinga zonyamula makala zopanda nyali, ngolo zochokera kumunda, lole yofera pamsewu yomwe chizindikiro chake ndi nthambi ziwiri. Nyengo ya fodya cha pa Chinkhoma malole amaima m'mbali, ena theka lili mumsewu. Kwa munthu wopitirira zaka 70 ine ndimati ulendo uzithera 5 koloko. Kukakhala kuti nkosapeweka, 60 ndi yokwanira. Wina akakuthobwani musayang'ane nyali zake, yang'anani m'mphepete mwa msewu kumanzere kwanu, chotsani phazi pa moto mpaka maso abwerere. Kwa wamkulu amachedwa kubwerera.

Dzuwanso liganizireni. Wopita ku Mtunthama m'mamawa amayang'anizana nalo, pobwerera madzulo alinso nalo kumaso. Kunyamuka 8 koloko m'malo mwa 6, nkubwerera isanakwane 4, kumachotsa vuto lonselo popanda kulipira kanthu.

Makaniko wa pa Chinkhoma:
Nthawi zina timanamizira maso a mdala pamene vuto ndi galimoto. Magalimoto a ku Japan awa, ma Sienta, Vitz, Passo, nyali zake ndi za pulasitiki ndipo dzuwa lathuli limazisandutsa zachikasu. Kuwala kwambiri kumathera mkati momwemo. Timakwecha ndi sandipepa wa m'madzi, wa nambala 1000 kenako 2000, kupolisha, nkupopera clear coat pamwamba. Mukasiya clear coat zimabwereranso pakangopita miyezi yochepa. Zopukuta nyali ndi Colgate zija zimawala sabata imodzi basi.

Chachiwiri, kuloza kwa nyali. Imikani galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma, mamita 10. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, lembani mzere pakhoma pa msinkhu womwewo. Mukayatsa dimu, malire a kuwala akhale masentimita 10 mpaka 12 kunsi kwa mzerewo. Ikakhala pamwamba mukuthobwa anzanu ndipo iwo akubwezerani bulaiti, ikakhala pansi kwambiri mukuona mamita 20 okha. Magalimoto ambiri ali ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero kolembedwa 0 kupita m'mwamba. Mukakhala nokha kaikeni pa 0, mukanyamula matumba a feteleza kumbuyo kaikeni pa 2 kapena 3 chifukwa mphuno ya galimoto imadzuka. Ambiri amayenda chaka chonse kali pa 3 osadziwa, nkumati maso atha.

Mababu a LED otchipa aja musaike mu nyali yomwe inapangidwira babu wamba wa H4. Amaoneka owala mukaima kutsogolo kwake, koma kuwalako kumangomwazika, sikufika patali. Babu wabwino wa 60/55W ndi wokwanira, ndipo posintha sinthani onse awiri, osagwira galasi la babu ndi zala.

Galasi la kutsogolo muzipukuta mkati. Kunja aliyense amatsuka, koma mkati mumakhala kafumbi kosakanikira ndi mafuta komwe masana sikaoneka, usiku nyali ikawomba pamenepo zonse zimachita chifunga. Mawaipa amapsa ndi dzuwa la October, sinthani mvula isanayambe. Tinti pa magalasi a kutsogolo kwa munthu wamkulu achotsedwe basi, palibe zokambirana.

Dalaivala Wakale:
Ndawerenga zonse ndipo ndi zothandiza, koma tisapange ngati ngozi za pa M1 akuchititsa ndi madala. Amene akupitirira pa phiri ndi pokhota ndi anyamata a minibasi ndi ma Sienta a matola. A kabaza ambiri alibe ndi laisensi yomwe. Munthu amene wayendetsa zaka 40 amadziwa msika wa Lachinayi uli pati, amadziwa pomwe ng'ombe zimadutsira, samamwa nkuyendetsa, foni sagwira. Luso limenelo musalipeputse.

Mayi a Fatsani (namwino):
Bambo mwanena zoona, ndipo palibe amene akufuna kukulandani kiyi. Kusiyana kwake kuli pa thupi. Ngozi yomwe mnyamata wa zaka 25 amatuluka akudzisasa fumbi, munthu wa zaka 75 imamuthyola nthiti kapena chiuno, ndipo nthiti zothyoka kwa wamkulu zimabweretsa chibayo. Ndiye ngakhale wolakwa akhale wa minibasi, wovulala kwambiri ndi inuyo. N'chifukwa chake lamba ndi wofunika ngakhale ulendo wa kutchalitchi. Wa m'munsi adutse pa mafupa a chiuno, kunsi kwa mimba, ndipo wa pamwamba adutse pakati pa phewa, osati kukhwapa. Chifuwa chitalikirane ndi chiwongolero masentimita 25 chifukwa airbag imatuluka ndi mphamvu. Chotsamira mutu chifike pa msinkhu wa pamwamba pa mutu, osati pakhosi.

Tsopano za mankhwala, poti apa ndi pomwe anthu sachenjezedwa mokwanira. A shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, shuga wawo amatha kutsika mwadzidzidzi, makamaka akamwa mankhwala m'mawa nkunyamuka osadya poopa kuchedwa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, mtima kugunda, kenako kusokonezeka ndi kukomoka. Kwa amene akhala ndi shuga zaka zambiri zizindikiro zoyambazo zimatha kusowa, amangozindikira ali mu ngalande. Amene ali ndi kamakina koyezera shuga ayeze asananyamuke. Ngati ndi pansi pa 90 mg/dL, kapena 5 pa makina owerenga mu mmol, adye kaye. Pansi pa 70, kapena 4, asayendetse. Zikachitika ali pamsewu aime pambali, azimitse injini, amwe masupuni a tiyi 3 kapena 4 a shuga m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta, adyenso buledi kapena nthochi, nkudikira mphindi 45 shuga atabwerera m'malo, chifukwa ubongo umachedwa kutsitsimuka. Pa ulendo wautali ayezenso maola awiri aliwonse. Maswiti azikhala pafupi ndi giya, osati mu buti. Metformin payekha sakonda kutsitsa shuga chonchi.

Piriton amagonetsa, ndipo akuluakulu amamwa ngati maswiti nyengo ya chimfine. Chimodzimodzi mankhwala ambiri a chifuwa a madzi, amitriptyline amene amapatsidwa chifukwa cha kutentha kwa mapazi, diazepam, tramadol ndi aliwonse okhala ndi codeine. Thupi la wamkulu limachedwa kuwachotsa, ndiye piritsi la usiku limakhala likugwirabe ntchito m'mawa. Mukaphatikiza ndi botolo limodzi la mowa, mphamvu yake imachuluka. A BP akasinthidwa mankhwala kapena mlingo, adikire masiku angapo aone ngati sakuchita chizungulire. Koma asasiye kumwa poti ali ndi ulendo. Ena amadumpha mankhwala a BP a HCTZ poopa kukodza pafupipafupi, bola kuima pa Madisi kusiyana ndi kuyenda BP ili m'mwamba.

Chomaliza: kamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera, diso limodzi kuchita mdima, ngakhale zitachitika mphindi 10 zokha nkutha. Imeneyo ndi sitiroko yochenjeza. Kuchipatala tsiku lomwelo, woyendetsa akhale wina, ndipo chiwongolero achisiye kwa mwezi wathunthu kufikira dokotala atavomereza.

Dalaivala Wakale:
Za Piriton zo ambiri sadziwa, mayi mwachita bwino. Onjezanipo nsima ya masana. Kudya mitanda itatu nkulowa m'galimoto 1 koloko mwezi wa October, tulo timabwera basi. Kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthandiza. Kuima pamthunzi nkugona mphindi 20 ndiye mankhwala ake.

aChisale:
Funso kwa aphunzitsi. Ana ambiri akugulira makolo ma automatic kuti apumule ku kilatchi. Ndi nzeru?

aMwale (aphunzitsi a galimoto):
Ndi nzeru ngati bondo la kumanzere kapena phewa likuvuta, koma osangowapatsa kiyi nkumapita. Munthu amene waponda kilatchi zaka 40, phazi la kumanzere limapita lokha kukafuna kilatchi, limapeza buleki yotakata ija nkuiponda mpaka pansi. Wakumbuyo amakulowani. Choopsa kwambiri ndi kuponda moto poyesa buleki. Zimachitika pa geti, pa filling station, pobwerera m'mbuyo, pamene thupi lapotoka kuyang'ana kumbuyo ndipo phazi lasuntha malo. Galimoto ikalumpha munthu amadzidzimuka nkupondanso kwambiri pomwepo, akukhulupirira kuti ali pa buleki.

Ndiye phazi la kumanzere likhale pa chopondera chake chakumbali, lisagwire ntchito. Chidendene cha kumanja chikhale pansi moyang'anizana ndi buleki, phazi lizingopendekera ku moto nkubwerera. Polowa pa geti kapena poimika, moto safunika nkomwe, automatic imayenda yokha pang'onopang'ono, phazi lingokhala pa buleki nkumamasula. Posintha kuchoka pa P kupita pa R kapena D apondereze buleki ndipo ayang'ane chilembo pa dashibodi asanamasule. Galimoto ikathawa, giya pa N. Masilipasi ayi, ndipo kapeti wa pansi akhale womangirira, chifukwa akasuntha amakanikiza moto kapena kulowa kunsi kwa buleki. Masiku angapo pa bwalo la mpira, kenako misewu ya m'makwalala, asanalowe m'tauni.

Makaniko wa pa Chinkhoma:
Aphunzitsi pamenepa ena amatsutsa, amati mapazi awiri ndiye achangu. Ku galaja timaona zotsatira zake: ma pad a buleki kutha miyezi itatu, ma disc kuchita buluu, chifukwa phazi limagona pa buleki ulendo wonse. Nyali za buleki zimangoyaka, wakumbuyo sadziwanso kuti mukuima liti.

Poti tatchula mabuleki, brake fluid amayamwa chinyontho, asinthidwe zaka 2 zilizonse, mtundu wake walembedwa pa chitsekerero, DOT 3 kapena DOT 4. Matayala a kaunjika onani manambala anayi akumapeto pambali pake. 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Galimoto ya mkulu yomwe imayenda Lamlungu lokha matayala ake amaoneka atsopano koma mphira inauma, ili ndi ming'alu m'mbali. Lopitirira zaka 10 litayeni ngakhale mapanga ali odzadza. Mpweya wake si wongoganizira, walembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino, isakupusitseni, imanena za tsiku lomwe anayeza lokhalo.

aMwale (aphunzitsi a galimoto):
Malo amene akuluakulu amapezekera ngozi kwambiri si pa msewu wowongoka, ndi pa mphambano, makamaka pokhotera kumanja kudula magalimoto obwera. Diso lokalamba limavutika kuyerekeza liwiro la chinthu chomwe chikubwera molunjika, makamaka njinga yamoto poti ndi yaing'ono. Imaoneka ili kutali, mukangolowa yafika. Yatsani indiketa msanga, imani, matayala akhale owongoka podikira kuti wina akakugundani kumbuyo asakukankhireni kwa obwerawo. Wakumbuyo aimbe hutala mmene angathere, mpata mumasankha ndinu. Ngati pali njira yozungulira yomwe imakufikitsani pomwepo pokhotera kumanzere kokha, tengani imeneyo.

Pokhotera kumanzere m'tauni muno vuto ndi a kabaza amene amalowa pakati pa inu ndi mphepete. Khosi likakhala louma, tembenuzani thupi lonse kuyambira m'chiuno, ndipo matani timagalasi tozungulira tija pa ma side mirror onse awiri. Mpata ndi galimoto ya kutsogolo ukhale masekondi 4: ikadutsa pa mtengo, werengani mpaka 4 musanafikepo inu. Kukagwa mvula onjezani.

aNaphiri (admin):
Funso lovuta lomwe labwera ku inbox: mwana angadziwe bwanji kuti nthawi yakwana yoti bambo asiye, ndipo awauza bwanji?

Mayi a Fatsani (namwino):
Zaka si muyeso. Alipo a 80 amene ali bwino kuposa a 62. Kwerani nawo, khalani kutsogolo, osalankhula zambiri, muone. Kodi akudya mzere wa pakati kapena kutsikira kunja kwa tala? Akudzidzimuka ndi njinga zomwe inu munaziona kale? Akuiwala indiketa ikulira? Zungulirani galimoto muone mikwingwirima yatsopano m'makona ndi pa nsanamira ya geti. Chizindikiro chachikulu ndi kusokera pa njira yomwe aidziwa moyo wawo wonse, kapena kuima pa mphambano osadziwa kuti amapita kuti. Zikafika apo si za maso ayi, ndi za ubongo, ndipo apite kwa dokotala. Nthawi zina chimayambitsa ndi mankhwala kapena matenda ochizika, ndiye musafulumire kugamula nokha.

Powauza, musachite pagulu kapena pamaso pa adzukulu, ndipo kubisa kiyi kumangobweretsa chidani. Galimoto kwa bambo ndi ulemu wawo, ndi yomwe imawafikitsa kumaliro, kumunda ndi kumpingo osapempha munthu. Ngati inu ana simungathe, pemphani amalume, mkulu wa mpingo kapena dokotala wawo, mawu omwewo amamveka mosiyana. Ndipo si zoti lero akuyendetsa, mawa basi. Ayambe kusiya usiku, kenako mvula, kenako ulendo wa ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, atsale ndi njira za pafupi masana. Mukawaletsa china, bweretsani cholowa m'malo: ndani aziwapititsa ku sikelo ya BP, tsiku liti, mafuta alipira ndani. Popanda zimenezo adzatenganso kiyi, ndipo sadzakhala olakwa.

aChisale:
Osaiwala amene amanyamula mabelo a fodya kapena chimanga pa ma 3 ton, ndi amene amanyamula anthu. Kuonjezera pa laisensi ya kodi yoyenera, C1 pa galimoto yopitirira makilogalamu 3,500, pamafunika PrDP, chilolezo cha oyendetsa galimoto za ntchito, G ya katundu, P ya anthu. Ili ndi tsiku lake lothera losiyana ndi la laisensi, onani onse awiri. Ndipo kuyenda ndi laisensi yotha si nkhani ya chindapusa chokha. Mukachita ngozi a inshuwalansi amayamba kufunsa khadi imeneyo, ikapezeka yotha mwawapatsa poyambira kukana kukonza galimoto yanu.

Mnyamata wa ku Santhe:
Asisita, ngati munthu wauzidwa kuti ali ndi ng'ala ndipo laisensi ikutha mwezi wamawa, ayambe chiti?

Sisita Nabanda (za maso):
Afunse amene anamuyezayo ngati mmene akuonera panopa zikukwanira kuyendetsa. Ng'ala yongoyamba kumene nthawi zambiri magalasi atsopano amaithandiza, akhoza kukarinyuwa nkumayenda masana okha podikira opaleshoni. Ngati yakhwima, opaleshoni kaye, galimoto iime ngakhale laisensi ithe ili m'thumba. Akachitidwa opaleshoni, tsiku loyambiranso kuyendetsa anene ndi dokotala pa ulendo wokaonetsa diso. Magalasi akale sagwiranso bwino chifukwa mphamvu ya diso imasintha, ndipo atsopano timayeza pakadutsa masabata 4 mpaka 6 diso litakhazikika. Ngati maso onse awiri ali ndi ng'ala amachita limodzi kaye, ndipo pakati pamenepo kuyerekeza mtunda kumavuta chifukwa maso awiriwo sakuona mofanana, ndiye afunsenso za chiwongolero asanatuluke m'chipinda cha dokotala. Ku Road Traffic apite atalandira magalasi atsopanowo.